Kanyama ka m'kabotolo

"Atenga kanyama, akuti tidikire zotsatira." Mawu amenewa amamveka kawirikawiri kukhitchini ya magadiyani, ndipo wowanena amawanena motsitsa. Womvayo amangoti pepani, n'kupitiriza kusonkheza moto. Palibe amafunsa kuti kanyamako kapita kuti, akukachita nako chiyani, nanga bwanji yankho lake silituluka tsiku lomwelo monga zimakhalira poyeza malungo. Kusafunsa kumeneku kukutipweteka. Munthu amaopa kwambiri chinthu chimene sanauzidwe kayendedwe kake, ndipo kuno kwathu, kuyambira ku Namitete, ku Nsaru, ku Kabudula mpaka ku Nambuma, alipo anthu amene anafika kale m'manja mwa dokotala koma anabwerera kumudzi atangomva za kanyamako.

Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chinayamba mu 1959, ndipo anachiyambitsa ndi masisitere a Carmelite ochokera ku Luxembourg. Chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, kulowera ku Mchinji. Chipatala chotere chimabereketsa, chimachita maopaleshoni, chimasamalira odwala amene matenda awo afika posachiritsika. Koma kutchula dzina lenileni la chotupa ndi ntchito ya dokotala wamtundu wina, amene sagwira wodwala pamkono ayi, amangounika mnofu wake pa maikulosikopu. Madokotala otere m'Malawi muno ndi owerengeka, ndipo amapezeka m'mizinda. Kwa zaka zambiri kanyama kodulidwa m'chigawo chapakati kankayenda mpaka ku Blantyre. Zinthu zinasintha mu July 2011, pamene Unduna wa Zaumoyo, chipatala cha Kamuzu Central ndi University of North Carolina ya ku America anatsegula labotale younikira minofu ku Lilongwe. Akatswiri monga Pulofesa George Liomba ndi Dr Tamiwe Tomoka agwira ntchito m'labotale imeneyi. Kuti muone kukula kwa dzenje limene linalipo, kafukufuku amene Dr Kelias Msyamboza ndi anzake anatulutsa mu 2012 anapeza anthu 18,946 amene analembedwa kuti ali ndi khansa m'dziko muno kuyambira 2007 mpaka 2010. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 18 okha ndiwo matenda awo anatsimikizidwa m'labotale. Otsalawo anauzidwa kuti ndi khansa potengera zimene dokotala anaona ndi maso n'kukhudza ndi manja.

Dokotala akadula kanyamako, kaya ndi mpeni kaya ndi singano yaikulu yamphako, amakaponya m'kabotolo ka mankhwala otchedwa formalin. Mankhwalawa amalimbitsa mnofu kuti usaole, ndi kuti maselo akhale monga analili m'thupi. Kulabotale amakachotsa madzi onse n'kukamiza m'phula losungunula. Phulalo likauma, makina amasenga timagawo topyapyala zedi: mutagawa milimita imodzi ka 250, gawo limodzi ndiye kuchindikala kwake. Kagawoko amakayala pagalasi n'kukanyika mu utoto wa mitundu iwiri, wina wopaka phata la selo kuti likhale labuluu, wina wopaka zotsalazo kuti zifiire pang'ono. Zonsezi zimadya masiku, ndipo palibe njira yachidule. Nthawi zambiri utoto uwiriwu umakwanira kuti katswiri anene ngati chotupacho ndi khansa kapena ayi. Koma zilipo zotupa zimene zimafanana nkhope pamene zili zosiyana khalidwe, zofunanso mankhwala osiyana. Pamenepo m'pamene amayamba kufunsa mnofuwo mafunso ena, ndipo limodzi mwa mafunsowo limandigwira mtima kuposa onse: kodi maselowa akadali ogwirana?

Sitiganizirapo kawirikawiri kuti chimagwira thupi lathu kuti lisamwazike n'chiyani. Khungu, nembanemba ya m'kamwa, ya kummero, ya m'mimba, ya khomo la chiberekero, ndi timinjira ta mkaka m'bere, zonsezi ndi maselo oyalidwa mogundana, lililonse pamalo pake. Zili ngati mphasa. Bango limodzi palokha silithandiza kanthu, koma wosoka akapisa chingwe m'bango lonse n'kukoka, pamatuluka chinthu choti munthu n'kugonapo zaka. Chingwe chikaduka, mphasayo simwazika tsiku lomwelo. Bango limayamba kusolokamo limodzilimodzi, kuyambira pamene chadukirapo. Chingwe cha m'thupi mwathu ndi mapuloteni amene ali pachikopa cha selo lililonse, otuluka kunja n'kukolana ndi anzawo a selo loyandikana nalo.

Anthu anayamba kuona mphamvu imeneyi asanadziwe mwini wake. Mu 1907, mphunzitsi wina wa sayansi ya zamoyo, Henry Van Peters Wilson, anatenga cholengedwa cha m'nyanja yamchere chotchedwa siponji n'kuchifinyira pansalu ya silika mpaka maselo ake onse atalekana. Atawasiya m'madzi, maselowo anayamba kukwawa, kupezana, kugwirana, mpaka anaumbanso timasiponji tatsopano. Wilson ankaphunzitsa pa University of North Carolina, yomwe ija inadzathandiza kutsegula labotale ya ku Lilongwe patapita zaka zoposa 100. Chimene chimagwiritsa maselo chinadzadziwika bwino kudzera mwa Masatoshi Takeichi wa pa yunivesite ya Kyoto ku Japan. Mu 1977 iye anaonetsa kuti pali kugwirana kwina kumene kumatheka pokhapokha pali kalisiyamu, ndipo m'zaka za m'ma 1980 iye ndi anzake anapeza mapuloteni ake n'kuwatcha cadherin. Mtundu umene umapezeka pakhungu ndi m'nembanemba za thupi ndi E-cadherin.

Tsono puloteni ndi yaing'ono kwambiri, maikulosikopu wamba singaione. Amaipeza pogwiritsa ntchito ma antibody, zida zimene asilikali a m'thupi amapanga polimbana ndi matenda. Khalidwe la antibody n'lakuti imagwira chinthu chimodzi chokha chimene inapangidwira, zina zonse imazilambalala. Aliyense amene anayezetsapo malungo anaona kale nzeru imeneyi ikugwira ntchito. M'kachipangizo kapulasitiki kaja amadonthezamo magazi muli ma antibody ondandalikidwa pamzere, ndipo akagwira puloteni ya kachirombo ka malungo mzerewo umaoneka. Amene anayamba kuchita zotere pa mnofu ndi Albert Coons wa ku Harvard mu 1941, pomangirira utoto wowala pa antibody. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein, ali ku Cambridge, anapeza njira yopangira ma antibody a mtundu umodzi ochuluka mmene munthu angafunire, ndipo ntchitoyi inawapatsa mphotho ya Nobel mu 1984. Ambiri mwa ma antibody amene ali m'malabotale lero amachokera ku mbewa ndi akalulu oweta.

Njirayi dzina lake ndi immunohistochemistry. Galasi lija amayamba alitenthetsa m'madzi a mankhwala kuti mapuloteni amene formalin anawaphimba aonekerenso. Kenako amadonthezapo antibody, kudikira, kutsuka, kudonthezaponso ina yogwira yoyambayo, n'kumalizira ndi mankhwala amene amasanduka mtundu wa khofi paliponse pamene antibody yakakamira. Mnofu wabwinobwino wa bere ukapakidwa antibody ya E-cadherin, selo lililonse limazunguliridwa ndi kamzere ka khofi, malire ake onse kuoneka bwino, mzere wa selo ili kulumikizana ndi wa linzake. Khansa ya m'mawere yofala kwambiri, yotchedwa ductal, nthawi zambiri imasungabe timizereto, n'chifukwa chake maselo ake amaunjikana n'kupanga chotupa cholimba chimene dzanja limachipeza. Koma ilipo ina yotchedwa lobular, imene imagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi khumi alionse odwala khansa ya m'mawere. Maselo ake anataya E-cadherin. Pagalasi amaoneka oyera m'mphepete, otayana, akulowerera mumnofu mondondozana, limodzi pambuyo pa linzake.

Chinthu chimodzi chimandichititsa kulemekeza anthu a m'labotale. Galasi likatuluka lopanda mtundu wa khofi, iwo safulumira kulemba kuti puloteni palibe. Amayamba afufuza pagalasi lomwelo kachigawo ka mnofu wosadwala kamene kanadulidwa limodzi ndi chotupacho. Kakakhala kuti kapakika bwino, ndiye kuti mankhwala agwira ntchito ndipo kuyera kwa chotupacho n'koona. Kakakhala kuti nakonso n'koyera, ndiye kuti cholakwika chili pa mankhwala kapena pa kasungidwe ka mnofu, ndipo ntchito iyambirenso. Mnofu wamoyo wabwino ndiwo umaikira umboni wodwalawo.

Zonsezi ndinayamba kuzifunafuna chifukwa cha amayi anga aang'ono. Iwo analibe chotupa choti n'kuloza ndi chala. Bere limodzi linangoyamba kulemera ndi kuuma mbali imodzi, khungu lake kukokeka pang'ono, ndipo popeza pawailesi ankamva zoti mayi azidzifufuza ngati muli kambulu, iwo anadzifufuza, sanapeze kambulu, nakhazika mtima pansi. Pamene anapita kuchipatala, dokotala ananena kuti pafunika kutenga kanyama. Nkhani inabwerera kumudzi, chifukwa kwathu munthu sadulidwa mwini mbumba asanamve.

Amalume anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, iwe wapita kusukulu, koma ine ndaika maliro ambiri. Chotupa sichifuna mpeni. Ukachikhudza chimalusa."

Ndinati, "Malume, akuti sakuchotsa bere, akungotengako kachidutswa kuti adziwe chimene akulimbana nacho."

"Akadziwa ndiye atani?"

Funso limeneli linali lolemera kuposa mmene linamvekera, ndipo amene analiyankha ndi mwini wake wodwalayo. Amayi aang'ono anati, "Achimwene, thupi ndi langa, ndipo usiku amene sagona ndine. Ndilekeni ndikamve dzina lake." Amalume anagulitsa mtedza, thiransipoti inapezeka. Zotsatira zitabwera, pepala linati khansayo ndi ya lobular, ndiponso kuti ndi ya mtundu umene umakula chifukwa cha mahomoni achikazi. Mfundo yachiwiriyi ndiyo inayankha amalume, pakuti khansa yotere ili ndi mapiritsi ake otchedwa tamoxifen, omwa kamodzi patsiku kwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Anawachita opaleshoni, analandira mankhwala, ndipo mapiritsiwo akumwabe.

Amalume sindiwaweruza. Zimene ananena anaziona ndi maso: munthu kupita kuchipatala akuyenda yekha, kudulidwa, n'kumwalira miyezi ingapo pambuyo pake. Chimene maso awo sakanatha kuona n'chakuti anthu amenewo ankafika matenda atayenda kale m'thupi, mwina kwa chaka kapena ziwiri, akuyesa mphini ndi mapemphero ndi mankhwala a m'golosale. Mpeni unkabwera pomalizira, ndiye unkasenza mlandu wa zonse zimene zinachitika usanafike. Zoti singano yotengera kanyama yafalitsa khansa zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, moti sizingafanane n'komwe ndi ngozi yokhala osadziwa. Khansa imafalikira chifukwa cha zimene zasintha m'kati mwa maselo ake: aleka kumvera malire, aphunzira kuboola nembanemba imene anakhalapo, alowa m'mitsempha ya magazi ndi m'njira zopita ku mwanabere wa m'khwapa.

Komabe tisapeputse nkhaniyi n'kumati E-cadherin ikakhalapo ndiye kuti zinthu zili bwino. Khansa ya ductal imasunga puloteniyi koma imafalikira ndithu, ndipo mwa khansa za m'mawere ndiyo imapha amayi ambiri. Mu 2019 akatswiri a pa Johns Hopkins ku America anaonetsa, poyesera pa mbewa, kuti maselo a khansa imeneyi amafunanso E-cadherin kuti apulumuke paulendo wawo n'kukamera kwina. Zilipo ngakhale khansa za lobular zochepa zimene zimapakikabe mtundu wa khofi. N'chifukwa chake utoto suweruza wokha. Amaweruza ndi munthu wophunzitsidwa zaka zambiri, amene amaphatikiza maonekedwe a maselo, mtundu umene watuluka, ndi zimene dokotala wa kuwodi walemba pa fomu.

Pali nkhani ina ya puloteni yomweyi imene ndimafuna anthu a kwathu ataimva. Ku New Zealand kuli banja lina lalikulu la anthu a mtundu wa Māori limene linkataya abale ake, ambiri akadali achinyamata, ndi khansa ya m'mimba, m'badwo ndi m'badwo. Ena ankati ndi temberero. Anthu a m'banjamo, motsogozedwa ndi Maybelle McLeod amene anali namwino, anapita okha kwa akatswiri a pa yunivesite ya Otago, natolera mbiri ya mtundu wawo ndi magazi a abale awo. Mu 1998 Parry Guilford ndi anzake analengeza zimene anapeza: m'banjamo munkayenda jini yolakwika yotchedwa CDH1, imene imapanga E-cadherin. Lero mwana wa m'banjamo amatha kuyezetsa magazi n'kudziwa ngati anatengera, ndipo amene anatengera ambiri amachotsedwa chifu matenda asanayambe, n'kukhala ndi moyo. Amayi otengera jini yomweyi amakhalanso pachiopsezo cha khansa ya lobular. Khansa zambiri sizochita kutengera ku mtundu, zimenezo zidziwike. Koma ndikaganiza za mabanja a kwathu amene analeka kulonjerana chifukwa matenda amodzimodzi anatenga mayi ndi mwana wake, gogo wosalakwa n'kulozedwa chala, ndimaona kuti kagalasi kamodzi kakanatha kusunga ubale.

Khansa za kuno zili ndi nkhope yakeyake. Kafukufuku uja wa 2012 anapeza kuti mwa amayi, pafupifupi 45 pa 100 alionse odwala khansa inali ya khomo la chiberekero, ndipo mwa abambo theka inali Kaposi sarcoma, khansa ya timadontho takuda pakhungu imene inachuluka limodzi ndi HIV. Ya kummero ndiyo ina imene yatha anthu. Ma antibody ali ndi ntchito pa zambiri mwa izi. Kaposi imachokera ku maselo oyala m'kati mwa mitsempha, ndipo maselo amenewa ali ndi puloteni yawoyawo yogwirizira yotchedwa CD31. Koma chimene chimatsimikiza kwenikweni ndi antibody yogwira LANA, puloteni ya kachirombo ka HHV-8 kamene kamayambitsa matendawa. Izi n'zofunika chifukwa si dontho lakuda lililonse pamwendo wa munthu wa HIV limene lili Kaposi, ndipo mankhwala a khansa ndi aukali, osayenera kupatsidwa kwa munthu mongoganizira. Khansa za mwanabere amazisiyanitsa ndi ma antibody monga CD20 ndi CD3. Labotale ya ku Kamuzu Central inayamba kupanga mayeso otere pamanja, galasi limodzilimodzi, ndipo zithunzi za magalasiwo ankazitumiza pa intaneti kuti akambirane mlungu ndi mlungu ndi anzawo a pa University of North Carolina.

Ntchitoyi ndi yosalimba, m'lingaliro lakuti kanthu kakang'ono kakhoza kuiwononga yonse. Ma antibody amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, amasungidwa mu furiji, ndipo ali ndi tsiku lothera mphamvu. Koma chimene anthu ambiri sachiganizira n'chakuti theka la ntchitoyi limachitikira kuchipatala cha kumudzi, kanyama kasananyamuke. Malangizo a akatswiri amati mnofu wa bere ulowe mu formalin pasanathe ola limodzi chidulireni, ndipo ukhalemo maola osachepera 6 ndi osapitirira 72. Ukachedwa kulowa, mapuloteni amayamba kuwonongeka, ndipo mayi amene mapiritsi a tamoxifen akanamuthandiza akhoza kulembedwa kuti sangamuthandize. Choncho namwino wa kufiyeta amene amaonetsetsa kuti m'kabotolo muli mankhwala okwanira, kalaliki amene amalemba dzina molondola, ndi dalaivala amene sagoneka mabotolo m'galimoto, onsewa ali ndi dzanja pa yankho limene katswiri adzalembe. Dziko lamanga likulu la chithandizo cha khansa ku Lilongwe, ndipo tikuyamika. Koma makina ngakhale akule bwanji sangachize matenda amene sanatchulidwe dzina molondola. Pogawa ndalama za zaumoyo, formalin, magalasi, ma antibody ndi maphunziro a anthu a m'labotale asamakhale zinthu zokumbukira pomalizira, kapena zosiyira abwenzi akunja okha.

Yankho likatuluka liyeneranso kumupeza mwini wake, ndipo apa Namitete ili ndi chonena. Mu 2008 wophunzira wa pa Stanford, Josh Nesbit, anabwera ku St Gabriel's ndi mafoni a m'manja ndi kompyuta imodzi, n'kulumikiza chipatala ndi anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi kudzera m'mauthenga a pafoni. Zimene zinayambira pamenepo zinakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, limene njira zake zafika m'mayiko ambiri. Ngati uthenga wa wodwala TB unkatha kuyenda pafoni kuchokera m'midzi yathu zaka zonsezo zapitazo, palibe chifukwa choti lero mayi azilipira kabaza ndi minibasi kukangomva kuti zotsatira sizinafike, kapena choti pepala lake likhale m'kabati iye ali kumudzi akuganiza kuti kukhala chete kwa achipatala ndiye kuti zonse zili bwino.

Inu amayi, musamangofufuza kambulu kokha. Bere likauma mbali imodzi, likasintha kukula, khungu likakokeka, nsonga ikalowa m'kati kapena ikayamba kutulutsa magazi, pitani akakuoneni ngakhale sipakupweteka. Inu amalume ndi abambo amene mumapereka chilolezo, dokotala akapempha kanyama musabweze wodwala kumudzi. Funsani kuti kanyamako kakupita kuti ndipo yankho liyembekezeke liti, siyani nambala ya foni imene imagwira, sungani buku la kuchipatala, ndipo tsikulo likakwana popanda uthenga, pitani mukafunse.